Ayezi wa panyanja ndi kayendedwe ka madzi a m'nyanja zamchere: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali pansipa ndi amene amabuka kawirikawiri pakati pa ophunzira, aphunzitsi a jogalafe ndi anthu otsatira nkhani za nyengo kuno ku Blantyre. Tayesetsa kuti pa nambala iliyonse tinene momwe idapezekera ndi pomwe imaphonya. Pamapu, nambala yoyezedwa ndi nambala yowerengetsedwa pakompyuta zimaoneka chimodzimodzi, koma kudalirika kwake n'kosiyana.

Kodi ayezi wa panyanja ndi chiyani?

Ndi madzi a m'nyanja yamchere amene aundana pamwamba n'kumayandama. Amapezeka ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ndi panyanja yozungulira Antarctica kummwera. Musamusokoneze ndi ayezi wa pamtunda wa ku Greenland ndi wa pa Antarctica penipeni, amene adachokera ku chipale chofewa chomwe chakhala chikuunjikana kwa zaka zikwizikwi. Zibenthu zikuluzikulu zoyandama zomwe mumaona pazithunzi zija zimagumuka kuchokera ku ayezi wa pamtundayu.

Kilogalamu imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35, choncho madziwo saundana pa madigiri 0 koma akafika cha pa -1.8. Poyamba mumapangika tizidutswa tosongoka. Kukakhala bata timalumikizana n'kukhala chipepala chopyapyala chosakwana masentimita 10. Kukakhala mafunde timagundana n'kupanga timbale tozungulira totukuka m'mphepete. Ayezi wopyapyala amakula msanga, wokhuthala amakula mochedwa, chifukwa kutentha kwa madzi apansi kuyenera kudutsa mu ayezi yenseyo kuti kutuluke. N'chifukwa chake ayezi wa nyengo imodzi yozizira nthawi zambiri amathera pa mamita 2 kapena kuchepera. Wopitirira pamenepo ndi wa zaka zingapo, apo ayi mphepo yachita kumuunjika.

Alipo wochuluka bwanji?

Zimatengera mwezi. Ku Arctic amachuluka mu Malichi, kufika masikweya kilomita 14 mpaka 15 miliyoni, ndipo amachepa kwambiri mu Seputembala. Chaka chomwe adachepetsetsa ndi 2012, pomwe adatsala pafupifupi 3.4 miliyoni. Kuyambira 1979, ayezi wa mu Seputembala wakhala akutsika ndi 12 peresenti kapena kuposera pang'ono pa zaka 10 zilizonse.

Ku Antarctica nyengo zimayendera limodzi ndi zathu: amachuluka mu Seputembala, amachepa mu Febuluwale. Mbiri yake ndi yokhotakhota. Mu 2014 adapitirira 20 miliyoni, zomwe zinali zisanaonekepo chiyambire kuyeza ndi setilaiti. Kuchokera 2016 adayamba kutsika, ndipo pa 21 Febuluwale 2023 adatsala 1.79 miliyoni, kutanthauza malo aakulu ngati Malawi maulendo 15. Mu Seputembala chaka chomwecho adalephera kufika 17 miliyoni.

Kumalo amenewo kumakhala mdima miyezi yathunthu. Setilaiti imamuona bwanji?

Sidalira kuwala kwa dzuwa. Chinthu chilichonse chimatulutsa mphamvu yochepa ya mafunde a microwave, ndipo mafunde amenewa amadutsa mitambo usana ndi usiku. Madzi osaundana amatulutsa yochepa, ayezi amatulutsa yambiri. Chipangizo cha pa setilaiti chimamvetsera mafundewa pa 19 ndi 37 GHz (muyezo wa kuthamanga kwa kugunda kwa mafunde), kenako pulogalamu imawerengera gawo la malo lomwe laphimbidwa ndi ayezi. Ntchitoyi idayamba ndi setilaiti ya Nimbus-7 yomwe idaulutsidwa mu Okutobala 1978, idapitirira ndi zipangizo za SSM/I kuyambira 1987, ndipo kuyambira 2012 kwabwera AMSR2 ya ku Japan. Bungwe la NSIDC la ku Boulder, Colorado, ndi lomwe limasunga kaundula amene ambiri amagwiritsa ntchito.

Nyanja amaigawa m'timabokosi ta makilomita 25 mbali iliyonse. Kabokosi kakakhala ndi ayezi wokwana 15 peresenti kapena kuposa, kamawerengedwa konse ngati kali m'dera la ayezi. Pamenepa pamatuluka nambala ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Tengani kabokosi ka masikweya kilomita 625 komwe ayezi waphimba 40 peresenti. Pa nambala yotchedwa extent kapereka 625 yonse, pa nambala yotchedwa area kapereka 250 yokha. Nyuzipepala zambiri zimalemba extent. Musafanizire extent ya chaka china ndi area ya chaka china.

Zolakwika zake n'zodziwika bwino. M'nyengo yotentha pamwamba pa ayezi pamadikha timathithi ta madzi osungunuka, ndipo setilaiti imatiwerenga ngati nyanja yotseguka, motero area imatuluka yochepa kuposa zenizeni. Extent sivutika kwambiri ndi zimenezi, n'chifukwa chake ndi imene amaikonda. Ayezi wopyapyala kwambiri amaonekanso ngati wochepa. M'mphepete mwa mtunda, mphamvu yochokera kumtunda imalowerera m'timabokosi ta panyanja n'kuoneka ngati ayezi. Mphepo yamkuntho ndi mitambo yamvula zimapanganso ayezi wabodza pakati pa nyanja, ndipo amachita kumusefa. Oyendetsa sitima zapamadzi sangadalire timabokosi ta makilomita 25. Iwo amagwiritsa ntchito zithunzi za radar, monga za Sentinel-1, zomwe zimaonetsa ngakhale ming'alu.

Nanga kukhuthala kwake amakuyeza bwanji ali m'mwamba?

Apa ndiye povuta. Setilaiti imangoyeza kagawo kamene katumphukira pamwamba pa madzi. CryoSat-2, yomwe bungwe la za mlengalenga la ku Ulaya, ESA, lidaulutsa mu Epulo 2010, imagwiritsa ntchito radar. ICESat-2 ya NASA, ya mu Seputembala 2018, imagwiritsa ntchito laser. Zonse zimayeza mtunda kuchokera pa setilaiti kufika pamwamba pa ayezi, n'kuyezanso kufika pamadzi a m'ming'alu yapafupi. Kusiyana kwa miyezo iwiriyi ndiko kagawo kotumphukira kaja.

Zotsalazo ndi masamu. Kiyubiki mita imodzi ya madzi a m'nyanja imalemera pafupifupi makilogalamu 1,025, ya ayezi 917, kusiyana kwake 108. Ngati ayezi watumphukira masentimita 20 ndipo alibe chipale pamwamba, chulukitsani 1,025 ndi 0.20, mupeza 205. Gawani ndi 108, mupeza mamita 1.9. Tsopano ikanipo chipale cha masentimita 20 cholemera makilogalamu 300 pa kiyubiki mita. Chimenechi chikuwonjezera 60 pa 205 uja, ndipo yankho likhala pafupifupi mamita 2.45. Kagawo kotumphukira n'kamodzimodzi, koma yankho lasuntha ndi theka la mita chifukwa cha chipale chokha. Onaninso kuti kuphonya ndi sentimita imodzi pamwamba kumabala kuphonya kwa masentimita pafupifupi 10 pa kukhuthala.

Vuto lina ndi lakuti laser imabwerera pamwamba pa chipale, pamene radar imayenera kulowa mpaka pa ayezi weniweni. Chipale chikakhala chonyowa kapena chamchere, radar imabwerera panjira. Ku Antarctica zimachitika kwambiri, chifukwa chipale n'cholemera moti chimakanikiza ayezi mpaka madzi a m'nyanja kusefukira pamwamba pake. Mapu a kukhuthala a kummwera muziwawerenga mosamala kuposa a kumpoto.

Pansi pa madzi amayezamo ndi chiyani?

Chida chachikulu ndi zoyandama za Argo, zomwe zilipo pafupifupi 4,000 m'nyanja zonse. Chilichonse ndi chitsulo chooneka ngati paipi, chotalika kupitirira mita imodzi. Chimamira kufika mamita 1,000 n'kumatengedwa ndi madzi kwa masiku pafupifupi 9, kenako chimatsikira ku mamita 2,000 n'kuyamba kukwera chikuyeza kutentha, mchere ndi kuya. Chikafika pamwamba chimatumiza zomwe chapeza kudzera pa setilaiti n'kumiranso. Ulendo umodzi ndi masiku 10. Chilibe injini yoyendetsera. Chimakwera popopera mafuta m'kachikwama kakunja kuti chifufume, chimamira powabwezera m'kati. Batire imatha pakapita zaka 4 kapena 5, zina kupitirirapo.

Pansi pa ayezi, choyandama chikakwera mosaganiza chimagunda denga n'kuthyola mlongoti. Choncho za ku Weddell Sea, m'mphepete mwa Antarctica, adaziikira lamulo: pokwera, chikapeza kuti madzi a pakati pa mamita 50 ndi 20 akuzizira kuposa madigiri -1.79, chibwerere pansi, chisunge zomwe chayeza, chidzatumize ayezi akadzachoka. Kuipa kwake n'kwakuti miyezi yonseyo sichidziwika pomwe chili, ndiye malo ake amachita kuyerekeza pakati pa pomwe chidaonekera komaliza ndi pomwe chatulukira.

Palinso njira zina. Kuyambira 2004, bungwe lofufuza za nyanja la Woods Hole ku America limaboola ayezi wa ku Arctic n'kulendewetsa waya wa mamita pafupifupi 800, pomwe kachipangizo kamakwera ndi kutsika. Ofufuza amamatanso tizipangizo pamutu pa nyama za m'nyanja zotchedwa elephant seal, zomwe zimamira mozama m'malo omwe sitima sizifika m'nyengo yozizira. Ndipo mu 2019 mpaka 2020, sitima ya ku Germany ya Polarstern idadziundanitsa dala mu ayezi wa ku Arctic pa ntchito ya MOSAiC, kutsanzira zomwe wofufuza wa ku Norway, Fridtjof Nansen, adachita ndi sitima ya Fram kuyambira 1893 mpaka 1896.

Chomwe chimawonongeka msanga pa zida zonsezi ndi kachipangizo koyeza mchere. Kamayamba kusokera pang'onopang'ono, osati mwadzidzidzi, ndipo kusokera kwa 0.01 n'kokwanira kunamiza munthu kuti madzi akuya asintha. N'chifukwa chake data ya Argo imatuluka kawiri: yachangu pasanathe tsiku limodzi kapena awiri, ndi yoyesedwanso ndi akatswiri pakapita miyezi. Pa kafukufuku gwiritsani ntchito yachiwiriyo.

Ayezi akukhudzana bwanji ndi kayendedwe ka madzi?

Madzi akamaundana, mchere wambiri sulowa mu ayezi. Umatsikira m'madzi apansi, omwe amasanduka ozizira, amchere kwambiri ndi olemera, ndipo amamira. Izi zimachitika mwamphamvu m'mphepete mwa Antarctica, ku Weddell Sea, Ross Sea, Adélie ndi Cape Darnley, komwe mphepo yochokera kumtunda imakankhira ayezi kutali n'kusiya madzi pambalambanda kuti aundanenso. Madzi olemerawa amatsetsereka mpaka pansi pa nyanja n'kufalikira kumpoto m'nyanja za Atlantic, Indian ndi Pacific, atanyamula mpweya wa oxygen.

Kufunika kwa zimenezi mukuona bwino pa Nyanja ya Malawi. Nyanja yathu ndi yakuya pafupifupi mamita 700, koma kupitirira cha pa mamita 250 mulibe oxygen ndipo nsomba sizikhalamo. Mwera umavundula madzi apamwamba n'kukweza ozizirirapo kummwera kwa nyanja, koma kulibe nyengo yozizira mokwanira kuti madzi apamwamba amire n'kukalowa m'malo mwa apansi onse. Nyanja zamchere n'zakuya makilomita 4 m'malo ambiri, komabe zili ndi oxygen mpaka pansi, chifukwa cha madzi omira ku Antarctica ndi kumpoto kwa Atlantic.

Ayezi akasungunuka zimatembenuka: pamwamba pamakhala madzi ochepa mchere, opepuka, omwe amatchinga kuti apansi asasakanikirane ndi apamwamba. Pali nkhani ya kuwalanso. Nyanja yotseguka imabweza pafupifupi 6 peresenti yokha ya kuwala kwa dzuwa, pamene ayezi wokutidwa ndi chipale chatsopano amabweza 80 peresenti kapena kuposa. Ayezi akachoka msanga, madzi amamwa kutentha kwambiri ndipo amachedwa kuundananso.

Tikumva kuti mtsinje wa m'nyanja ya Atlantic ukuima. N'zoona?

Sunaime. Chomwe akunena ndi AMOC, kayendedwe komwe madzi ofunda amapita kumpoto chapamwamba, n'kuzizira, kumira, ndi kubwerera kummwera chapansi. Kuyambira 2004, ntchito ya RAPID yakhala ikuyeza kayendedweka pa madigiri 26.5 kumpoto, ndi zingwe zomangidwa pa anangula kuchokera ku Bahamas mpaka kufupi ndi gombe la Africa. Muyezo wake ndi Sv, ndipo Sv imodzi ndi makiyubiki mita 1 miliyoni pa sekondi. AMOC imanyamula pafupifupi 17 Sv. Mitsinje yonse ya pamtunda kuiphatikiza pamodzi imangopitirira pang'ono 1 Sv.

RAPID idaonetsa kuti AMOC imakwera ndi kutsika kwambiri: mu 2009 mpaka 2010 idatsika ndi pafupifupi 30 peresenti kenako n'kukweranso. Choncho chaka chimodzi si umboni wa chilichonse. Lipoti la 2021 la IPCC, gulu la akatswiri a kusintha kwa nyengo la United Nations, lidati n'zothekera kwambiri kuti AMOC ifooka m'zaka za m'ma 2000 zino, koma kuti sikuyembekezeka kugweratu mwadzidzidzi chisanafike chaka cha 2100, ndipo pa mfundo yachiwiriyi chikhulupiriro chawo adachiika pakatikati.

Model ya ayezi ndi nyanja imapangidwa bwanji?

Ndi pulogalamu ya pakompyuta yomwe imagawa nyanja m'timabokosi, cham'mbali ndi chotsika, n'kumawerengera m'kabokosi kalikonse liwiro la madzi, kutentha ndi mchere, mphindi zingapo zilizonse. Odziwika ndi NEMO ya ku Ulaya ndi MOM6 ya ku America. Gawo la ayezi limakhala ndi pulogalamu yakeyake, monga CICE kapena SI3, ndipo limagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kuundana ndi kusungunuka: kutentha kolowa ndi kotuluka pamwamba ndi pansi. Yachiwiri ndi kuyenda. Ayezi womasuka amayenda pafupifupi 2 peresenti ya liwiro la mphepo, mopatukira kumanja kwa mphepo ku Arctic ndi kumanzere ku Antarctica. Akathinana amakana kupanikizidwa, amasweka, amaunjikana. Masamu a kukana kumeneku, omwe ambiri amagwiritsabe ntchito, adachokera kwa William Hibler mu 1979.

Kukula kwa kabokosi ndi nkhani ya ndalama. Ma model a nyengo ya zaka 100 amagwiritsa ntchito timabokosi ta pafupifupi makilomita 100. Model yolosera masiku 10 ya Copernicus Marine, ntchito ya ku Ulaya yowunika nyanja, ili ndi ta makilomita 8 kapena 9 ndi zigawo 50 kutsika pansi. Mukachepetsa kabokosi ndi theka, ntchito ya kompyuta imachuluka ka 8: kawiri m'litali, kawiri m'lifupi, kawiri pa nthawi, poti madzi sayenera kulumpha kabokosi pa sitepe imodzi, apo ayi manambala amaphulika. Komabe kufupi ndi Antarctica akamvuluvulu a m'madzi amene amanyamula kutentha amakhala aang'ono kuposa makilomita 10. Chimene sichikwana m'kabokosi amachiyerekeza ndi fomula, ndipo zolakwika zambiri zimabadwira pamenepo.

Ulosi umafika patali bwanji, ndipo umaphonya pati?

Usanayambe kulosera uyenera kudziwa mmene zinthu zilili lero. Amatenga ulosi wa dzulo n'kuukonza ndi zomwe masetilaiti ndi Argo ayeza, mbali iliyonse kuipatsa mphamvu molingana ndi kudalirika kwake. Kenako amayendetsa model maulendo ambiri, aliyense atasinthidwa pang'ono poyambira. Bungwe lolosera nyengo la ku Ulaya, ECMWF, limayendetsa maulendo 51. Akagwirizana, ulosi ndi wolimba. Akabalalika, kubalalikako ndiye uthengawo, ndipo munthu wotenga mzere umodzi wokha wataya theka la ulosi.

Pa masiku 1 mpaka 10, malire a ayezi amatsatira mphepo, choncho ulosi wa mphepo ukaphonya wa ayezi waphonyanso. Pa miyezi, chofunika ndi kukhuthala kwa ayezi ndi kutentha kobisika m'madzi, zomwe monga taonera n'zovuta kuyeza. Kuyambira 2008, magulu ofufuza amapereka ulosi wa ayezi wa mu Seputembala ku Sea Ice Outlook. Chaonekeratu n'chakuti amachita bwino zaka zomwe ayezi watsatira njira yake ya nthawi zonse, ndipo amaphonya zaka zachilendo. Ulosi woyambira Juni asanafike umakhala wofooka kuposa woyambira kusungunuka kutayamba.

Pa zaka makumi, funso limasintha. Palibe amalosera chaka chenicheni. IPCC idati zikuoneka kuti chisanafike 2050 Arctic idzakhala, kamodzi kapena kuposa, ndi ayezi wosakwana masikweya kilomita 1 miliyoni mu Seputembala.

Ayezi ameneyu akasungunuka, nyanja ikwera?

Pang'ono zedi, chifukwa akuyandama kale. Wokweza nyanja ndi wa pamtunda: wa ku Greenland atasungunuka yense angaikweze ndi mamita 7, wa ku Antarctica pafupifupi 58.

Ife tili ku Blantyre, kutali ndi nyanja yamchere. Zikutikhudza pati?

Pa ulosi womwe mumamva pawailesi. A Nthambi ya Zanyengo ndi Kusintha kwa Nyengo, omwe likulu lawo lili konkuno, amaphatikiza zoyeza zawo za ku Chileka ndi malo ena ndi ma model a dziko lonse. Ma model amenewo ali ndi nyanja ndi ayezi m'kati mwake. Wa ECMWF wolosera masiku ochepa adalumikizidwa ndi model ya nyanja mu 2018.

Namondwe ndiye chitsanzo chapafupi. Amafuna madzi otentha madigiri 26 kapena 27, koma osati pamwamba pokha. Akamayenda pang'onopang'ono amavundula madzi ozizira apansi n'kudzifooketsa yekha, pokhapokha ngati madzi ofundawo ali akuya. Mu Mozambique Channel mumadutsa akamvuluvulu aakulu a madzi ofunda olowera kummwera kukadyetsa mtsinje wa m'nyanja wa Agulhas, ndipo model yosawaona ingaphonye mphamvu ya namondwe. Namondwe Freddy, amene adakhala masiku 36 asanathe, adapezanso mphamvu m'madzi amenewa asanalowe pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023. Zomwe zidatsatira ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche tonse tikuzidziwa.

Chiperoni nacho chimabwera mpweya wopanikiza ukadutsa kummwera kwa Africa n'kukankhira kuno mphepo yozizira, yachinyezi, yochokera kummwera chakummawa. Kumene mphepozi zimayambira, model iyenera kudziwa malire a ayezi, popeza m'nyengo yozizira madzi otseguka amatulutsa kutentha kochuluka kwambiri kuposa ophimbidwa.

Koma tisakokomeze. Pofuna kudziwa za mvula ya dzinja likubwerali, yambani ndi kutentha kwa madzi a Pacific ndi Indian Ocean. Ng'amba ya 2015/16 ndi ya 2023/24 idadza ndi El Niño. Wokuuzani kuti chimanga chauma ku Lunzu chifukwa ayezi wachepa ku Arctic walumpha masitepe ambiri.

Ndingathe kuwerengera ndekha pa laputopu?

Mungathe, ndipo bandulo yaing'ono ikwana. Yambani ndi Sea Ice Index ya NSIDC, yomwe ili ndi mafayilo a CSV a extent ya tsiku ndi tsiku kumpoto ndi kummwera. Atsegulireni mu Excel, sankhani mwezi umodzi, pezani avereji ya chaka chilichonse, jambulani mzere. Pofanizira gwiritsani ntchito avereji ya 1981 mpaka 2010. Dziwani kuti chisanafike chapakati pa 1987 muyezo unkatengedwa modumphitsa tsiku, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa Disembala 1987 mpaka chapakati pa Januwale 1988 mulibe kanthu. Mipata imeneyi musaidzaze ndi 0.

Mukafuna mapu, mafayilo ake ndi a NetCDF. Pulogalamu yaulere ya Panoply imawatsegula, ndipo odziwa Python agwiritse ntchito xarray. Pa Copernicus Marine, sankhani dera, masiku ndi kuya musanatsitse, chifukwa fayilo ya dziko lonse idzakutherani bandulo ndi malo.

Misampha ndi itatu. M'mafayilo ena a NSIDC ayezi amalembedwa kuyambira 0 mpaka 250, ndipo manambala opitirira 250 ndi zizindikiro za mtunda, gombe kapena malo osayezedwa. Mukawaphatikiza mu avereji mupeza ayezi wopitirira 100 peresenti. Wachiwiri, timabokosi sitili tofanana pa dziko lenileni ngakhale tikutchedwa ta makilomita 25, choncho tsitsaninso fayilo ya kukula kwa kabokosi kalikonse m'malo mochulukitsa ndi 625. Wachitatu, pakati penipeni pa Arctic pali bowo lomwe setilaiti siliona, ndipo kukula kwake kwasintha masetilaiti akamasinthidwa. Pa extent liwerengeni ngati lodzaza ndi ayezi. Mukapanda kutero muona ayezi akulumpha mwadzidzidzi mu 1987 ndi mu 2008, pamene chomwe chidasintha ndi chipangizo.